Funsani Dokotala: Anatiletsa kusambitsa maliro a achimwene

Funso: Adokotala, achimwene anga anamwalira ndi kolera. Azaumoyo anatikaniza kusambitsa thupi, analikulunga m'pulasitiki n'kutiuza kuti tiike tsiku lomwelo, popanda kuphika ngakhale nsima. Mpaka pano amayi sanatonthole, akuti mwana wawo anatayidwa ngati alibe abale. Kodi munthu wakufa angapatsire amoyo matenda? Ndine mayi wa ku Salima.

Yankho: Pepani kwambiri mayi, imfa yotere imapweteka kawiri. Koma inde, angapatsire. Munthu akatsirizika, tizilombo ta kolera sitifa naye limodzi. Timatsalira m'matumbo, ndipo mukamatembenuza thupi posambitsa, madzi a m'mimba aja amatulukabe kukamwa ndi kumbuyo. Amafika pamphasa, pachitenje, m'zikhadabo za wosambitsa.

Tsono kumbukirani mmene timadyera pamaliro. Nsima ikapsa, beseni limodzi limazungulira bwalo lonse. Woyamba amasamba madzi oyera, wakhumi amaviika manja m'matope, kenako onse amatema nsima m'mbale imodzi. Chimbudzi cha pakhomopo, chomwe chimakwanira anthu asanu ndi mmodzi, tsikulo chikulandira mudzi wonse. Ndipo ambiri amene ameza tizilomboti sadwala n'komwe, amangotitaya m'chimbudzi kwa masiku ofika 10 iwo ali bwinobwino. Mwina ndi mlamu amene anasamalira wodwala usiku wonse, mawa lake ali pa mphika wa ndiwo. Maliro akatha, ena abwerera ku Nkhotakota, ena ku Lilongwe, matenda ali m'mimba.

Mwina munaona alangizi a zaumoyo akufunsa khomo ndi khomo kuti madzi mumatunga kuti, munadya kuti, munapita kumaliro ati. Si ukazitape ayi. Njirayi ndi yakale. Mu 1854 ku London, dokotala John Snow analemba pamapu nyumba zimene munafa anthu ndi kolera, n'kupeza kuti zazungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigowo. Kuno kwathu, mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700, n'chifukwa chake azaumoyo sanyengerera pa nkhani ya maliro.

Ndivomere kuti ife azachipatala nthawi zina timalankhula mwaukali, osakhala pansi n'kufotokozera mayi wofedwa. Pamenepo timalakwa. Kulira, kupemphera ndi kuperekeza thupi kumanda sikuletsedwa, bola osaligwira. Auzeni amayi kuti mwambo wosonkhana ndi kudyera pamodzi mungauchite pomanga chiliza, mliri utadutsa.

Kolera imaonekera pakangopita maola ochepa, mwinanso mpaka masiku 5. Wina akachokera kumaliro n'kuyamba kutsekula m'mimba madzi oyererako ngati otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Munthu wamkulu wamphamvu zake amatha kufa tsiku lomwelo chifukwa chotha madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo azimwa pang'onopang'ono ali pa kabaza paulendo wa kuchipatala, ngakhale akusanza. Ngati Thanzi palibe, m'lita yomweyo thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.