Mwana akagawa nambala kukhala ma prime, chotsatira n'chiyani?

Mayi wina wa ku Chinamwali ananditumizira imelo sabata yatha. Mwana wawo ali Fomu 1, ndipo madzulo amakhalira kujambula timitengo togawa nambala kukhala ma prime. Akamaliza amangotseka kope. Mayiwo akufunsa ngati nkhaniyo imathera pomwepo, kapena pali china chimene munthu angadziwe za nambala akaiphwanya choncho.

Mayi, sithera pomwepo ayi, ndipo zimandiwawa kuti ana ambiri amatseka kope pamene nkhani ikuyamba kukoma.

Prime ndi nambala yoposa 1 imene singagawike ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe: 2, 3, 5, 7, 11, 13, mpakana kutsogolo kosatha. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa ma prime, ndipo njira yake ndi imodzi yokha basi. 30 ndi 2 × 3 × 5. Muyambire kulikonse, mudzafika pa atatu omwewo. Katswiri wa masamu Euclid anayala maziko a mfundoyi kalekale ku Alexandria, ndipo katswiri wina, Gauss, anaitsimikizira mokwanira mu 1801. N'chifukwa chakenso 1 samuwerengera m'gulu la ma prime, popeza akanalowamo, 30 akanalembedwa m'njira zosawerengeka.

Tsono popeza nambala iliyonse ili ndi ma prime akeake, tikhoza kuziika m'mitundu poona zimene zili m'kati mwake, osati kukula kwake.

Tiyambire mumsika wa Zomba. Thireyi ya mazira imakhala ndi 30. Wogulitsa akhoza kuwagawa awiriawiri, atatuatatu, asanuasanu, sikisisikisi kapena khumikhumi, osatsala ngakhale limodzi. Koma limodzi lokha likasweka n'kutsala 29, palibe milu yofanana imene angapange, chifukwa 29 ndi prime. Nambala ngati 30, zopangidwa ndi ma prime ang'onoang'ono okhaokha, akatswiri amazitcha smooth. Mphindi 60 za pa wotchi ndi zamtunduwu, 2 × 2 × 3 × 5, ndipo tinazilandira kuchokera kwa anthu akale a ku Babulo amene ankawerenga ndi 60.

Kenako tulutsani ndalama m'kachikwama. K100, K500, K1,000, K2,000, K5,000, zonsezi m'kati mwake muli 2 ndi 5 okha. Mulibe 3. Ndiye ana atatu mukawapatsa K1,000 kuti agawane, kwacha imodzi imatsala ndithu. Chifukwa chomwechi ndi chimene chimapangitsa kuti 1/8 athere pa 0.125, pamene 1/3 amangopitirira 0.333 osaima. Ana ambiri amaloweza zimenezi osadziwa kuti gwero lake ndi kamtengo komwe kaja.

Mtundu umene ndimaukonda kwambiri ndi wa nambala zokhala ndi ma prime awiri okha, zotchedwa semiprime. Muuzeni mwanayo agawe 1891, chaka chimene Zomba inakhala likulu la boma la atsamunda. Ayesa 2, ikana. Ayesa 3, 5, 7, 11, 13, ikana. Pofika pa 23 ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti ndi prime. Msiyeni apitirize. 29 ikana, koma pa 31 itseguka: 31 × 61. Kenako mumufunse kuti chinamutengera nthawi n'chiti, kuchulukitsa 31 ndi 61 kapena kuwapeza atabisala mu 1891. Kuchulukitsa n'kwa mphindi imodzi, kufufuza kumadya theka la tsamba. Kusiyana kumeneku ndi kumene akatswiri atatu, Rivest, Shamir ndi Adleman, anamangirapo njira yobisira uthenga yotchedwa RSA mu 1977, imene ikugwirabe ntchito pa intaneti. Njirayi imagwiritsa ntchito ma prime awiri aataliatali, oti akachulukitsidwa, ngakhale kompyuta yamphamvu singawapeze m'nthawi ya moyo wa munthu.

Palinso funso loti kodi prime wina wabwerezedwa kapena ayi. Mu 30 aliyense wabwera kamodzi, ndipo nambala zotere ndi square-free. Zilipo zambiri, pafupifupi 61 pa 100 zilizonse. Chaka cha ufulu wathu, 1964, si chamtunduwu chifukwa ndi 2 × 2 × 491. Nacho 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndi 5 × 5 × 79. Nambala zimene prime aliyense wabwerezedwa, monga 72, ndi powerful. Zimasowa, ndipo 8 ndi 9 ndi ziwiri zoyandikana, monganso 288 ndi 289.

Mayinawa musavutike nawo, mayi, nambala imodzi ikhoza kukhala m'mitundu ingapo. Madzulo ano akamaliza kamtengo kake, mumufunse kuti ma prime alipo angati, alipo wobwerezedwa kapena ayi, ndipo wamkulu ndi uti. Ayambe ndi chaka chimene anabadwa, kenako chanu, kenako cha agogo ake. 1891 mumusungire Loweruka, pamene ali ndi nthawi yofika pa 31.