Ya ku Napoli kapena ya ku Chicago?

Achimwene, mwafunsa ngati pizza ya ku Napoli ndi ya ku Chicago n'zofanana. Ayi ndithu, zimangofanana dzina.

Ya ku Napoli amaiwotcha mu uvuni wa nkhuni wotentha kupitirira madigiri 400, ndipo imapsa pa masekondi 60 mpaka 90 basi. Pakati imakhala yopyapyala ndi yofewa, m'mphepete imafufuma n'kukhala ndi timadontho takuda ta moto. Margherita yeniyeni safuna zambiri: tomato, tchizi cha mozzarella, masamba a basil ndi mafuta a olivi, kwatha.

Ya ku Chicago ndi yakuya ngati mbale, tchizi pansi, msuzi wa tomato pamwamba, ndipo mumaidikira mphindi 30 kapena kuposerapo. Imakhutitsa, koma ine imandilemera m'mimba. Ndimakonda ya ku Napoli, bola muidye yamoto, chifukwa ikazizira pakati pamanyowa.