Kodi misonkhano ya mapulani a malo ndi yoyenera kutsekera benchi?

Mayi wina wa ku Bangwe, amene amagulitsa kaunjika ku Limbe, wandilembera imelo. Akuti: "Akhansala athu atiuza kuti kubwera anthu a boma kudzamva maganizo athu pa za kagwiritsidwe ntchito ka malo kwa zaka zambiri zikubwerazi. Ine ndikatseka benchi tsiku lonse ndiye kuti ana agona ndi njala. Kodi kupita kumeneko kuli ndi phindu, kapena zinthu amakhala atagwirizana kale kumtunda?"

Mayi, pitani. Koma kukayika kwanuko sindikukunyozani nako, chifukwa inenso ndinakhalapo pa msonkhano wotere ndipo ndinabwerako mtima uli zii. Unali mu hotela ina mumzinda muno wa Blantyre. Tinapatsidwa chikalata chonenepa ngati Baibulo, cha Chingerezi chokhachokha, tsiku lomwelo m'mawa. Katswiri anaonetsa mapu pakhoma kwa maola awiri, ofiira apa, obiriwira apo. Nthawi ya mafunso itakwana, chakudya chinali chitafika kale, ndipo pepala losainira alawansi linkayenda m'mizere. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kufunsa kuti mzere wakuda umene ukudutsa pamudzi pawo ndi chiyani. Anamuyankha kuti ndi msewu, ndipo kuti gawo limenelo "linavomerezedwa kale." Anakhala pansi, chipewa chili pa bondo, osayankhulanso mpaka kumapeto. Kumeneko sikufunsa anthu ayi. Ndi kuwaitana kuti adzaikire umboni zimene ena achita.

Ndiye bwanji ndikuti mupite? Chifukwa nkhani imene akukambayo ndi yokhudza pamene pali nyumba yanu ndi benchi lanu. Mapulani a malo ndi amene amanena kuti apa padzadutsa msewu, apa msika, apa mafakitale, apa pasamangidwe kanthu. Kale, pansi pa lamulo la 1988, izi zinkakhudza makamaka matauni ndi madera ena osankhidwa. Lamulo la 2016 la Physical Planning Act linasintha zimenezi: dziko lonse, mpaka kumudzi, tsopano ndi malo oyenera kukonzedwa mwadongosolo. Kenaka mu Januwale 2021 kunakhazikitsidwa masomphenya a Malawi 2063, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la National Planning Commission, ndipo imodzi mwa nsanamira zake zitatu ndi kukula kwa matauni. Pali ganizo lokweza matauni asanu ndi atatu, monga Liwonde, Luchenza, Bangula, Kasungu ndi Karonga, kuti aliyense wofuna ganyu asamangothamangira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo mumzinda wa Blantyre mokha munali anthu 800,000. Chiwerengero chikukwera chaka ndi chaka, pamene nthaka ili yomweyo. Mizere idzajambulidwa basi, kaya mupite kaya musapite.

Mzinda wathu uno ukutiphunzitsa kale zimene zimachitika anthu akapanda kufunsidwa. Kuyambira pamene amishoni a ku Scotland anafika mu 1876, madera okonzedwa bwino ngati Mandala, Sunnyside ndi Nyambadwe anali a anthu ochepa. Amene ankagwira ntchito m'nyumba ndi m'makampani mwawo anadzipezera okha pokhala, ndipo Ndirande inakula choncho. Mpaka lero anthu ambiri a mu Blantyre amakhala m'madera amene sanayambe ajambulidwa pa mapu a khonsolo asanamangidwe. Munthu amagula poloti kwa mfumu, n'kuumba njerwa, n'kumanga. Malo a kunsi akatha, amakwera phiri.

Zotsatira zake tinaziona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Ndinapita ku Chilobwe patapita masiku ochepa. Pamene panali mizere ya nyumba panali chigwembe chofiira, ndi miyala ina yaikulu ngati minibasi itakhala pamene anthu ankagona. Malata anapindika ngati mapepala. Agogo ena amene ndinawapeza akufukula mapoto m'matope anandilozera ndi ndodo n'kunena kuti ali mtsikana pamenepo panali khwawa, ankachapapo zovala, ndipo anthu anadzalikwirira pang'onopang'ono n'kumangapo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Agogo amenewo ankadziwa chimene mapu ambiri sasonyeza, koma palibe amene anabwerapo kudzawafunsa.

Ena amati anthu a m'phiri anachenjezedwa koma anachita makani. N'zoona kuti machenjezo analipo. Koma kuuza munthu kuti "choka apa" osakhala naye pansi kukambirana za kumene apite, ndi mmene akafikire ku ntchito kuchokera kumeneko, ndi kungotaya mawu. Amachoka lero, mvula ikatha wabwerera, poti kumene mwamupititsako kulibe mpopi, kulibe ganyu, ndipo thiransipoti yopita ku Limbe ikudya theka la zimene amapeza. Pulani imene sinamve zimenezi imafera mu kabati.

Akatswiri sindikuwanyoza. Iwo amadziwa kuyeza kutsetsereka kwa phiri, ndiponso kuti madzi ambiri a mumzinda muno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wautali wokwera, kotero dera latsopano lililonse liyenera kuwerengeredwa madzi ake. Zimenezo ine ndi inu sitingazithe. Komanso kufunsidwa sikutanthauza kuti chilichonse chimene mwanena chichitika. Amene anamanga m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo, ngakhale atalankhula bwanji, mwina adzayenera kusamuka ndithu. Chimene muyenera kulandira ndi yankho: ganizo lanu talitenga, kapena talikana pa chifukwa chakutichakuti.

Tsono mukapita, funso loyamba likhale lakuti, "Kodi mapuwa ndi omalizidwa, kapena angasinthe?" Yankho lake likuuzani ngati mwaitanidwa kudzaphika nawo kapena kudzangotsuka mbale. Pemphani kuti akufotokozereni m'Chichewa, ndipo akulozereni Bangwe pa mapupo, ndi chala. Musachite manyazi kupempha pepala loti mupite nalo kunyumba. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero si chifundo chimene mukupempha.

Muyang'anenso amene ali m'chipindamo. Kawirikawiri mumadzaza mafumu, eni nyumba ndi akuluakulu a mabungwe. Mafumu ndi ofunika, ndipo ndimawalemekeza, koma m'madera ena ndi iwo omwe amagawa mapoloti, choncho sangayankhulire aliyense. Anthu a lendi, amene ndi ochuluka m'makomboni mwathu, saitanidwa. Akabaza saitanidwa, chonsecho msewu ukajambulidwa popanda poima iwo, mawa akuthamangitsana ndi apolisi. Mavenda nawo, tonse taona misika yomangidwa ndi ndalama zambiri itangokhala gwa, anthu akugulitsa pamsewu, chifukwa womanga sanafunse kumene makasitomala amatsikira minibasi. Inu Mayi mumadziwa zimenezi kuposa aliyense wa mu ofesi.

Tinali ndi ndondomeko ya chitukuko cha dziko ya Vision 2020, imene inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo chaka cha 2020 chinafika zambiri zisanachitike. N'chifukwa chake ine ndimadera nkhawa kwambiri zimene zimachitika msonkhano ukatha. Funsani amene akulemba zokambirana, ndi tsiku limene adzabwerenso kudzakuuzani zimene achita nazo. Lembani tsikulo. Likadutsa kuli chete, pitani kwa akhansala ndi ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu, kapena ku Civic Centre ku Chichiri, mukafunse.

Za benchi, gwirizanani ndi anzanu oyandikana nawo: wina atsale akugulitsira onse, awiri kapena atatu mupite, ndipo usiku wake mukhale pansi mulembe zimene mukufuna kukanena. Ngati msonkhano auika nthawi ya m'mawa pamene malonda ali pakati, nenani zimenezo poyera ndipo mupemphe kuti wotsatira udzachitikire pamsika pomwepo, chakumadzulo. Mukabwerako mundilembere zimene anakuyankhani pa funso la mapu lija.