Ndikufuna kuima kaye sukulu chaka chimodzi: malo anga, fizi ndi ngongole zikhala bwanji?

Kalata ya lero yachokera kwa mnyamata wa chaka chachiwiri pa imodzi mwa mayunivesite aboma. Dzina lake ndi la sukulu ndabisa. Mwachidule akuti bambo ake, omwe ankamuthandiza pa zonse, adwala ndipo asiya ntchito. Chaka choyamba anapeza ngongole ku Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, koma chaka chino dzina lake silinatuluke. Fizi ya semesita ino walipira theka, lendi ya miyezi iwiri sanapereke, mayeso atsala masabata ochepa, ndipo msuweni wake wa ku Johannesburg akumuitana kuti apite akagwireko maganyu. Funso lake ndi ili: "Ndingoima kaye chaka chimodzi? Malo anga adzandisungira? Nanga ndalama zomwe ndalipira kale, ndi ngongole ya chaka chatha, zitha bwanji?"

Achimwene, pepani ndi matenda a bambo. Kuima kaye sukulu n'kololedwa, ndipo alipo ambiri amene lero ali pa ntchito ndi madigiri awo koma anaimapo panjira. Chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti kachokedwe kalipo kawiri. Wina amalemba kalata, amadikira yankho, kenako n'kunyamula katundu. Wina amangolongedza chikwama Lachisanu, kukwera minibasi, basi osaonekanso. Onsewa wawachotsa ndi umphawi womwewo, koma m'mabuku a kwa Registrar, mkulu wosunga kaundula wa ophunzira, woyambayo ndi wophunzira amene malo ake akusungidwa, pomwe wachiwiriyo ndi munthu amene wathawa sukulu. Amene sanaoneke m'chipinda cha mayeso popanda chilolezo amawerengedwa kuti walephera, ndipo makosi olephera akachuluka sukulu imamuchotsa pa chifukwa cha maphunziro, kuja anzanu amati kuwididwa. Apo ndiye palibenso zoti mudzabwera chaka chamawa. Malo amene munawapeza kudzera m'masankho a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, mutapikisana ndi anzanu miyandamiyanda okhoza bwino MSCE, amakhala kuti apita.

Musanalembe kalatayo, tikambe kaye za mayeso amene atsala pang'onowa. Ine maganizo anga ndi akuti muwalimbikire mulembe, ngakhale zitafika pogona kwa mnzanu pansi ndi kudya kamodzi patsiku. Chifukwa chake n'chakuti makosi ambiri amaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Kosi ya semesita yoyamba imabweranso semesita yoyamba ya chaka chinacho. Mukachoka lero, miyezi yonse imene mwakhala m'kalasi, ma assignment ndi mayeso apakati, zonse mudzayambiranso, ndipo theka la fizi mwalipiralo lagwira kale ntchito yake. Mukalemba n'kukhoza, semesitayo yakhala yanu mpaka kalekale, ndipo mudzabwerera pamene munalekezera. Pa chifukwa chomwechi, musadzinamize kuti muima semesita imodzi yokha. Kawirikawiri kuima semesita imodzi kumatanthauza kudikira chaka chathunthu kuti makosi anu abwerenso.

Ndiye mawa m'mawa pitani kwa Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Ofesi imeneyi inakhazikitsidwira nkhani ngati zanuzi, ndipo simukhala woyamba kulowamo ndi nkhope yakugwa. Tengani kalata ya kuchipatala ya bambo, kalata yosonyeza kuti ntchito asiya ngati ilipo, malisiti a fizi, ndi umboni woti munapempha ngongole koma simunasankhidwe. Funsani zinthu zitatu mosapita m'mbali: ngati angakuloleni kulemba mayeso mutasainira kuti zotsalazo mudzalipira pang'onopang'ono, ngati pali njira yodandaulira ku Loans Board poti zinthu kwanu zasintha, komanso ngati pali thumba lililonse lothandiza ophunzira ovutika. Masukulu ena, monga MUST ku Thyolo, ali ndi thumba lotere, ndipo makampani, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino akafuna kulipirira ana a sukulu amafunsa mayina ku ofesi yomweyi. Dzina lanu silingapezeke pa mndandandawo ngati vuto lanu mukulidziwa ndinu nokha ndi alandilodi. Pitaninso ku bungwe la ophunzira. Anyamata aja timawadziwa ndi zionetsero, koma ndi omwenso amakambirana ndi akuluakulu a sukulu nthawi ya mayeso kuti angongole asathamangitsidwe.

Zonsezi zikakanika, kapena mayeso mwalemba koma semesita yachiwiri simuikwanitsa, ndiye lembani kalata yopempha kuima. Choyamba werengani buku la malamulo a ophunzira la pa sukulu yanu, lija munalandira chaka choyamba n'kuliponya pansi pa sutukesi. Kuchokera mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa n'kutuluka UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, iliyonse ili ndi malamulo akeake, chimodzimodzinso LUANAR, MZUNI ndi MUST. Zimene anakuuzani mnzanu wa ku Bunda (LUANAR) sizingakuthandizeni ngati muli ku Luwinga (MZUNI). M'bukumo fufuzani mawu akuti withdrawal, makamaka pa zifukwa za ndalama kapena za matenda, ndipo muone kuti malo amasungidwa nthawi yaitali bwanji, kalata imapita kwa ndani, komanso digiri yonse muyenera kuitsiriza m'zaka zingati. Chomalizachi anthu amachiiwala. Chaka choima chikhoza kudya zaka zomwezo, ndiye ngati munabwerezapo kale kalasi, werengerani bwino.

Kalatayo isakhale yaitali. Lembani kwa Registrar, kudzera kwa mkulu wa dipatimenti yanu ndi Dean. Muikemo dzina lonse, nambala yanu ya sukulu, pulogalamu ndi chaka, chifukwa chochokera m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, tsiku limene mukuima, ndi semesita imene mudzabwerere. Mawu opempha kuti malo anu asungidwe alembedwe poyera, musasiye kuti iwo aganize okha. Sindikizani makope awiri. Mukapereka imodzi, pemphani a sekilitale adinde chidindo cha tsikulo pa inayo ndi kusainira, imeneyo ndi yanu. Ijambuleni pa foni, muitumize ku imelo yanu ndi kwa m'bale mmodzi wodalirika, chifukwa mapepala amanyowa ndipo mafoni amabedwa. Chitani chimodzimodzi ndi masilipi a ku banki, inki yake imafufutika pakapita miyezi. Ndipo musachoke ndi mawu apakamwa akuti "pitani, palibe vuto." Amene wakuuzani zimenezo mwina pobwera mudzapeza atapuma ntchito. Chimene chidzakulankhulireni ndi kalata yoyankha yochokera kwa Registrar. Ikachedwa, kaikumbutseni mwaulemu mpaka ituluke.

Tsopano za ndalama, poti m'pamene mitima imasweka.

Ngongole ya fizi siifa chifukwa choti mwaima. Imakhala pa akaunti yanu kukudikirani, ndipo tsiku lolembetsanso ndi imene idzayambe kukupatsani moni. Musananyamuke, pitani ku ofesi ya za chuma akusindikizireni statement yosonyeza zimene mwalipira ndi zimene zatsala. Ngati semesita yachiwiri simunailembetse, onetsetsani kuti sanakulembereni fizi yake. Pachifukwa ichi nthawi yabwino yoimira ndi pakati pa masemesita, musanalembetse, chifukwa mukangolembetsa ndiye kuti mwavomera ngongole ya semesita yonse. Za kubwezeredwa ndalama musaziyembekezere kwambiri. Ngati pali yotsala imene munalipiriratu, pemphani m'kalata kuti ikhale pa akaunti yanu mudzaigwiritse ntchito pobwera.

Ya Loans Board ndi nkhani ina. Bungweli, lomwe dzina lake lonse ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndipo zimene limapereka kwa ambiri ndi ngongole, si mphatso. Ya fizi imapita ku sukulu, ya upkeep, yodyera ndi kulipirira pogona, imalowa ku akaunti yanu ya ku banki. Imene munatenga chaka chatha ili pa dzina lanu, mutsirize sukulu kapena musatsirize. Kubweza kumayamba pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro, ndipo olemba ntchito amayenera kudula ku malipiro. Apa muone kuipa kwa kuchoka osabwerera: ngongole ya digiri ili pamutu, digiriyo palibe. Alembereni kalata a bungweli ku Lilongwe kuwadziwitsa kuti mwaima, muphatikizepo yankho la Registrar. Chinanso, ngongoleyi amapempha chaka ndi chaka. Nthawi yopemphera ikatsegulidwa inu muli kumudzi, palibe amene adzakuimbireni foni. Muzitsatira zolengeza zawo, ndipo mudzapemphe chaka chobwereracho chisanayambe, nthawi ino ndi umboni wonse wa matenda a bambo.

Lendi ndi yaing'ono poyerekeza ndi zinazi koma imachititsa manyazi. Alandilodi a ku Chikanda, ku Luwinga kapena kwina kulikonse kumene ana a sukulu amachita lendi aona zambiri, ndipo chimene amadana nacho ndi munthu wosamuka usiku. Khalani nawo pansi, muwauze zoona, mugwirizane kabwezedwe. Matiresi, hotplate ndi tebulo gulitsani kwa a chaka choyamba mupungule ngongoleyo, kusiyana ndi kuzisiya m'chipinda chimene lendi yake ikuwerengedwabe. Mabuku a ku laibulale bwezani onse, ngakhale limodzi lokha lotsala limadzakutsekerani njira pa clearance, pamene sukulu imatsimikiza kuti mulibe ngongole kapena katundu wake.

Chaka choimacho muchiikire mtengo. Lembani papepala: ngongole yotsala, fizi ya semesita yobwerera, lendi ya miyezi itatu yoyamba, chakudya, thiransipoti. Pamwamba pake onjezerani kena kake, chifukwa mitengo imene mukuisiya si imene mudzaipeze. Mu 2023 fizi m'mayunivesite ambiri aboma inakwezedwa kufika pa K650,000 pachaka, ya ku KUHeS kufika pa K1 miliyoni, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene anaima nthawi imeneyo atawerengera mitengo yakale anabwera ndi ndalama zosakwana. Nzeru yanga ndi yakuti mukapeza kandalama, kaya K20,000 kaya K50,000, kaikeni ku akaunti ya sukulu pa nambala yanu tsiku lomwelo. Ndalama ikakhala mu Airtel Money kapena Mpamba pakhomo pali wodwala, imapita ku mankhwala ndi ku ufa, ndipo palibe angakudzudzuleni, koma fizi ikhala isanasunthe. Katapila musamuyandikire n'komwe.

Achibale muwauze mu msonkhano, osati mmodzimmodzi pa WhatsApp. Amalume, azakhali, achimwene aakulu, onse aone pepala lija ndi tsiku lobwerera. Pempho loti "ndithandizeni" limayankhidwa ndi "tiona." Pempho loti "pofika mwezi wakuti pakufunika ndalama zakuti, ine ndipeza theka" limavuta kulikana. Ngati kwanu n'kolima, kumbukirani kuti m'thumba mwa anthu mumakhala kanthu kuyambira Epulo, pamene chimanga ndi soya zakololedwa ndipo misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu yatsegulidwa. Kupempha fizi mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zili mbee, n'kungodana ndi abale pachabe.

Za ku Joni ndinena mosabisa: sindikukulimbikitsani. Mmalawi wa pasipoti wamba amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 ngati mlendo, ndipo chilolezo chimenecho si cha ntchito. Kupyola masikuwo ndiye kuyamba moyo wozemba apolisi, ndi chiopsezo chokathera ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda chilolezo asanawabweze kwawo. Ndalama ya pasipoti ndi basi yokha ikhoza kupungula gawo lalikulu la ngongole muli nayoyi. Koma choopsa kwenikweni si apolisi. Ndi randi yoyamba imene mudzatumize kunyumba. Ikangofika, inu mwasanduka wodyetsa banja, ndipo palibe amene adzafune kumva zoti mukusiya ntchito kuti mukakhalenso m'kalasi. Ntchito yabwino ya chaka chotere ndi imene ikusungani pafupi ndi mabuku ndipo mutha kuisiya popanda mlandu: kuphunzitsa pa sekondale yapulaiveti, kuphunzitsa a Folomu 4 masana, kulemba mayankho m'makafukufuku a mabungwe, kabizinesi kakang'ono. Aphunzitsi anu omwe amafuna owathandiza pa kafukufuku, ndiye musanachoke asiyireni nambala.

Musatuluke m'gulu la WhatsApp la kalasi, ngakhale zithunzi za anzanu zizikupwetekani mtima. Makalendala a mayunivesite athu amasunthasuntha, ndipo nkhani za tsiku lotsegulira zimayamba kumveka m'magulu amenewa. Patatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti semesita yanu iyambe, lemberaninso Registrar kuti mukubwera, muphatikize kalata ija anakuyankhani, ndipo funsani mkulu wa dipatimenti ngati makosi asintha pamene munali kunja, kuti mudziwiretu ngati pali ina yoonjezera. Zikaoneka kuti chaka chimodzi sichikwanira, lembani kupempha kuonjezera nthawi isanathe imene anakupatsani.

Mukabwerako kwa Dean of Students mundilemberenso zimene akuuzani, makamaka pa za kulemba mayeso muli ndi ngongole. Bambo muwapatse moni, tikuwafunira kuchira msanga.