Kugona motchipa mu Valletta muli ndi amayi odwala mawondo

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito ku Leeds, ku Britain, ndipo akufunsa za Valletta, likulu la Malta, chilumba chimene Baibulo limachitcha Melita. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Amayi anga akubwera kuchokera ku Zomba kudzandiona. Ndi a Mvano, ndipo kuyambira kale amalakalaka atakaponda pa chilumba cha Melita pamene chombo cha Paulo chidasweka. Ndikufuna ndipite nawo mu February. Ndapeza kahotela kotchipa mkati mwenimweni mwa Valletta, koma mnzanga wakuntchito akuti ndisayerekeze, ndikagone ku Buġibba kumene kuli mahotela atsopano. Amayi amavutika mawondo pang'ono, ndipo ndalama zanga n'zowerengeka. Ndichite bwanji?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo zimene mukuwachitira amayizi n'zokoma zedi. Ine ndikuti kagoneni mu Valletta momwemo. Koma musalipire ngakhale tambala musanadziwe zinthu ziwiri: dzina la msewu umene pali kahotelako, ndi masitepe angati amene amayi adzakwere kuchokera pakhomo lapamsewu mpaka pa bedi. Mumzinda umenewu chipinda chikatchipa, kawirikawiri chatchipira chimodzi mwa ziwirizi.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa mmene mzindawo adaumangira. Mu 1565 asilikali a ufumu wa Ottoman adazinga Malta kwa miyezi pafupifupi inayi, koma adalephera kugonjetsa gulu la asilikali achipembedzo la St John limene linkalamulira chilumbacho kuyambira 1530. Nkhondo itangotha, mtsogoleri wa gululo, Jean de Valette, adaganiza zomanga mzinda wamalinga pa phiri la Sciberras, kamtunda kopyapyala kolowa m'nyanja pakati pa madoko awiri, Grand Harbour ndi Marsamxett. Mwala woyamba adauika pa 28 March 1566. Katswiri wojambula mapulani, Francesco Laparelli, adalemba misewu yowongoka yopingasana, ndipo cholinga chidali choti ayambe asalaza phirilo. Nthawi ndi ndalama sizidalole, mantha oti adani abweranso adali aakulu, choncho misewu yowongokayo adangoiyala pamwamba pa phiri losasalazalo. N'chifukwa chake mapu a pa foni amanamiza. Amakuonetsani kamzinda kosalala kokwana kilomita imodzi yokha kuchokera pa City Gate, geti lalikulu lolowera mumzindawo, mpaka ku linga la Fort St Elmo kumapeto kwake, chonsecho misewu ina n'chitunda chokhachokha ndipo ina ndi masitepe kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Msana wa phirilo ndi Republic Street, ndipo Merchants Street ili moyandikana nayo. Kuchokera pa City Gate, kudutsa tchalitchi chachikulu cha St John's Co-Cathedral mpaka pa bwalo la St George's Square pamene pali nyumba yachifumu ya Grand Master, mtsogoleri wa gulu la St John lija, njira ndi yosalala ndithu, amayi akhoza kuyenda popanda kudandaula. Mukangopitirira pamenepo kulowera ku St Elmo mumayamba kutsetsereka, ndipo mukakhotera kumanja kapena kumanzere kulunjika kunyanja kutsikako kumakula. Zipinda zotchipitsitsa zimapezeka kumunsiko. Kutsika m'mawa kapena madzulo sikuvuta kwenikweni, koma kumbukirani kuti mabasi opita kumadera ena amakwerera kunja kwa City Gate, pafupi ndi kasupe wa Triton, ndiye tsiku lililonse loti mupite kwina liyamba ndi chitunda. Tengani adiresi ya kahotelako, muiike pa Google Street View, muyende nayo pakompyuta mpaka pa geti. Mukaona masitepe panjira, kasiyeni kahotelako ngakhale zithunzi za chipinda zikhale zokongola bwanji.

Tsopano za mkati mwa nyumba, pamene ambiri amagwa m'mbuna. Tinyumba togona alendo ta mu Valletta tambiri ndi nyumba zakalekale za mwala wa laimu zimene adangozikonza. Mzinda wonse udalowa m'kaundula wa malo otetezedwa wa bungwe la UNESCO mu 1980, ndipo mwini nyumba sangangogumula khoma mmene wafunira kuti aikemo chikepe. Mahotela odula adapeza njira yoikira, otchipa ambiri alibe. Denga la nyumba zimenezi limakhala lalitali kwambiri, moti nsanjika imodzi ya kumeneko ikhoza kufanana ndi imodzi ndi theka ya nyumba za ku Leeds. Nthawi zinanso chikepe chimakhalapo koma chimayambira pamwamba pa masitepe ena, kapena sichifika pa nsanjika yomaliza. Choncho funso loti "muli ndi chikepe?" n'losakwanira. Alembereni imelo, m'Chingerezi chomwechi poti ndi chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zaboma kumeneko, muwauze kuti mukubwera ndi munthu wachikulire, ndipo akuwerengereni masitepe onse kuchokera pamsewu. Safunsa adadya phula. Amene akuyankhani ndi nambala ndi wodalirika. Amene angoti "si ambiri" musamuyankhenso.

M'kalata yomweyo funsani za zenera. Nyumba zakalezi zidamangidwa zogundana, ndipo zipinda zam'kati zimakhala ndi kazenera koyang'ana m'kampata kopapatiza kolowetsa mpweya, osati kunja. Ndidagonapo m'chipinda chotere, chaudongo bwinobwino, koma ndinkayatsa getsi masana ndipo thaulo silinkauma. Mu February nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene ikumvekera. Malta sikugwa chipale, masana dzuwa limawala ndithu, koma mwala wa laimu umamwa chinyezi cha m'nyanja n'kuchisunga, ndipo nyumba za kumeneko zilibe mapaipi otenthetsa nyumba yonse ngati a ku Britain. Usiku m'chipinda mumazizira kuposa mmene munthu amaganizira akamva dzina loti Mediterranean. Funsani ngati makina oziziritsa m'chipinda amathanso kutenthetsa, ngati mtengo wake uli kale m'ndalama za chipinda, ndiponso ngati angakupatseni bulangeti lapadera. Amayi adziwa bwino kuti pa Machitidwe 28 anthu a pachilumbapo adakolezera moto Paulo ndi anzake chifukwa cha mvula ndi kuzizira. Inunso mukupita m'nyengo ya mvula ndi kuzizira, ndiye juzi, masokosi ndi jekete la mvula zisatsale.

Zina n'zing'onozing'ono. Bafa ndi chimbudzi zikhale za m'chipinda momwemo, amayi asamayende m'khonde usiku. Malo ambiri otchipa sakhala ndi munthu pa risepushoni, amangokutumizirani manambala otsegulira chitseko pa foni, ndiye ngati ndege yanu ikutera usiku pemphani manambalawo musananyamuke ndipo muwalembe papepala. Giza imakhala yaing'ono, amayi ayambe ndiwo kusamba. Pali kamsonkho ka alendo kamene kadayamba mu 2016, kowerengera munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo kawirikawiri kamalipidwa padera mukafika. Onaninso kuti malowo ali ndi chiphaso cha Malta Tourism Authority. Mapulagi ndi a mano atatu omwe aja a kwathu ndi ku Britain, ndipo magalimoto amayenda kumanzere, zotsalira za ulamuliro wa Angerezi umene udatha pa 21 September 1964, miyezi iwiri ndi theka Malawi atalandira ufulu wake.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa koma sakoma. Malta ilibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo gawo lalikulu la madzi ake amalisefa kuchokera m'nyanja. Amamveka kamchere ngati a m'mijigo ina ya ku Chikwawa. Tiyi wa amayi muziphikira a m'botolo lalikulu ogula m'golosale, si odula.

Phokoso nalo muliganizire. Strait Street, kamsewu kopapatiza kamene kale kadali ka mabala a amalinyero, kadadzukanso, ndipo nyimbo zimalira mpaka usiku kwambiri. Mbali ina ya Merchants Street nayonso imadzaza matebulo a malesitilanti. Chipinda choyang'ana misewu imeneyi si cha mayi wa Mvano wogona 8 koloko. Mabelu a matchalitchi okha simungawathawe, ndipo sindikuganiza kuti amayi angadandaule nawo.

Nanga bwanji sindikugwirizana ndi mnzanuyo? Sakunama. Ku Buġibba ndi ku Qawra kuli mahotela akuluakulu okhala ndi zikepe, mitengo yake imatsika kwambiri nyengo yozizira, ndipo ali m'mbali mwa St Paul's Bay, gombe limene anthu a ku Malta amakhulupirira kuti ndi pamene chombo chija cha anthu 276 chidaswekera. Zikadzapezeka kuti mawondo a amayi ndi ovuta kuposa mmene mwalembera, pitani kumeneko mtima uli m'malo. Koma amenewo ndi malo omangidwa posachedwapa kaamba ka alendo odzawothera dzuwa, ndipo mu February amakhala zii. Kuti mufike ku Valletta pa basi mumatha pafupifupi ola lathunthu, ndipo mumafika nthawi imodzi ndi khwimbi la alendo otsika m'sitima zikuluzikulu zapamadzi, n'kubwerera dzuwa lisanalowe chifukwa amayi atopa. Mukagona mkati mwa mzinda, amayi akhoza kutuluka m'mawa misewu ikadali ya eni ake, kubwerera kukapumitsa miyendo masana, n'kutulukanso madzulo. Kwa munthu wachikulire, kukhala ndi bedi pamtunda wa mphindi zisanu kumasintha ulendo wonse. Pamenepa ndi pamene ndaima nji, ndipo ndi chifukwa chake ndikulimbikira za msewu ndi masitepe m'malo mongokuuzani kuti thawani.

Mukalephera kupeza chipinda choyenera kumtunda kwa Valletta, yang'anani ku Floriana, tauni yogundana ndi geti la mzindawo. Ndi yosalalirapo, mitengo yake ndi yofewerapo, ndipo tchalitchi chake chachikulu ndi cha St Publius, mkulu wa chilumba uja amene bambo ake adachiritsidwa ndi Paulo.

Za tsiku: pa 10 February ndi holide ya dziko lonse yokumbukira kusweka kwa chombo cha Paulo, ndipo chimake cha mwambowo ndi tchalitchi cha St Paul's Shipwreck, mu Valletta momwemo. Madzulo amuna amanyamula pamapewa chosema chachikulu cha mtengo cha Paulo, chimene adasema Melchiorre Cafà m'zaka za m'ma 1600, n'kuzungulira nacho m'misewu, mabandi akuimba, anthu akuwaza timapepala kuchokera m'makonde amatabwa a m'mwamba. Ndi mwambo wa Chikatolika, ndipo makombola ake amaphulika mwamphamvu ngakhale masana, choncho muwachenjezeretu amayi. Sindikukayika kuti adzakhudzidwa kuona dziko lonse litaimitsa ntchito chifukwa cha nkhani imene iwo akhala akuiwerenga pa misonkhano ya Mvano. Ngati mukufuna tsikuli, sungitsani chipinda msanga. Onaninso masiku a chikondwerero cha m'misewu cha Carnival a chaka chimenecho, amene amagwa Lenti isanayambe, chifukwa mitengo imakwera ndipo phokoso limachuluka. Lamlungu mukhoza kukapemphera nawo ku St Andrew's Scots Church, pa South Street, mpingo wa Church of Scotland ndi Methodist umene umapemphera m'Chingerezi. Kwa munthu wa Sinodi ya Blantyre, imene idachokera ku mishoni ya Church of Scotland, kumeneko ndi kwa achibale.

Pa chakudya, musavutike kulipira kadzutsa wa pahotela ngati ali wapadera. Gulani pastizzi, timikate totentha toika tchizi cha ricotta kapena nsawawa, timene ndi chakudya chotchipitsitsa pachilumbapo, ndipo masana ftira, buledi wozungulira woika nsomba ya tuna, tomato ndi maolivi. Mmodzi amakhutitsa ndithu. Malesitilanti a pa Republic Street ndi msika wokonzedwanso wa Is-Suq tal-Belt ndi okongola koma odula. Ndalama zimene mwapulumutsa mukalipire nazo polowa mu St John's Co-Cathedral, m'mene muli chithunzi cha Caravaggio cha 1608 cha kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi. Salola mapewa ndi mawondo apamtunda, chitenje chimathetsa nkhaniyo. Ku Upper Barrakka Gardens n'kolowa ulere, kuli mabenchi, ndipo 12 koloko masana amaombako mzinga doko lonse mukuliona. Pomwepo pali chikepe chachitali mamita 58 chotsikira kugombe kumene mumakwera boti lopita ku Birgu, tauni yakale ya tsidya lina la dokolo, choncho amayi sakhudza sitepe. Tsiku lina mukwere basi yopita ku Rabat, pafupi ndi mzinda wakale wa Mdina, kukaona phanga limene amati Paulo adakhalamo m'miyezi itatu imene adatha pachilumbapo. Mukamva kuti mabasi a ku Malta ndi aulere, dziwani kuti ndi a anthu okhala konko amene ali ndi khadi ya dzina lawo. Inu mudzagula matikiti kapena khadi ya alendo ya masiku angapo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa masitepe ndi viza, ndipo m'kalata mwanu simunaitchule. Malta ili m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, kuyambira 2007, ndipo viza ya ku Britain siigwira ntchito kumeneko. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen. Inuyo, ngati mukuyendera pasipoti ya kwathu, mukhoza kufunsira ku Britain poti ndi kumene mukukhala. Amayi ayi. Lamulo ndi loti munthu afunsire kudziko limene amakhala, ndiye yawo iyenera kukonzedwa asananyamuke kumudzi. Funsani sabata ino ofesi ya kazembe imene imalandira mafomu a Malta a anthu a ku Malawi. Amalola kufunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, mtengo wake ndi ma euro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo adzafuna inshulansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, pasipoti yotsala ndi miyezi itatu kupitirira tsiku lotuluka, ndi umboni wa malo ogona. Pa chifukwa chimenechi, sankhani mtengo wa chipinda umene umalola kusintha maganizo osataya ndalama, ngakhale ukwere pang'ono, ndipo onetsetsani kuti dzina la amayi lalembedwa pa kalata yotsimikizira malowo, monga mmene lilili m'pasipoti mwawo. Matikiti a ndege osabweza ndalama mudzagule viza yawo itatuluka.