Za akamba anuwo, achimwene

Achimwene, mukuti akamba amene mukuweta kuseri kwa nyumba ku Area 49 aswana, ndiye mukufuna kudziwa mmene ife a geni yodutsa boda timachitira kuti muzikawagulitsa ku Chipata kapena ku Joni, mwinanso ndi abilimankhwe omwe. Ndikuyankhani, koma mtima sukufuna. Kamba ndi nyama imene inatsala pang'ono kundigulitsitsa poloti yanga ya ku Kawale.

Ine geni yanga ndi ziboliboli, zitenje ndi malamba achikopa. Njira ya Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndinayamba kuyenda ambiri amene akudzitcha ma transipota lerowa akadali kubere. Za msonkho ndi mafomu a kasitomu mukafunse anyamata a pa depoti, zimenezo n'za mwana wa sitandade wani.

Ndinapeza oda yaikulu ya ziboliboli za mlombwa kwa mwini shopu wina ku Johannesburg. Mpamba ndinatenga ku banki m'khonde, wotsala kwa wakatapila. Katundu ndinapereka kwa transipota amene ankandinyamulira kuyambira kale. Iye chifukwa cha dyera analandiranso katoni ya mnyamata wina woweta akamba ngati inu nomwe, n'kuilowetsa pakati pa matumba anga, n'kulembapo dzina langa poti ine mapepala anga amakhala oongoka. Kamba akachita mantha amakodza. Pofika pa boda, sinditchula kuti iti, katoni inali itanyowa pansi, fungo lili guu. Atatsegula anapeza tiakamba totsekeredwa m'masokosi, tozengedwa ndi selotepi, tina titafa kale.

Bwana amene anagwira nkhaniyo sindidzamuiwala. Risiti ya ziboliboli ndinamuonetsa, nambala ya transipota ndinamupatsa, iye phee, maso pa foni. Tsiku lililonse ankangoti mubwere mawa, akuluakulu sanasaine. Anzake anandipatsa dzina loti mayi wa akamba, mpaka ogulitsa chimanga chootcha panja ankandiitana choncho. Koma munthu yemweyo mathiraki ena ankawakwezera dzanja osakwera n'komwe kukaona zili pansi pa tenti. Ziboliboli zanga zinakhala m'shedi yodontha nyengo ya mvula, zinachita nkhungu, zina kung'aluka. Wa shopu uja anakaoda kwa a ku Zimbabwe. Loya anadya yake, wakatapila anadzanyamula firiji ndi mashini osokera. Azimayi a ku banki m'khonde ankafika pakhomo panga m'mamawa ngati anamfedwa, kungokhala pa khonde osayankhula.

Chimene chinandimasula n'choti mnyamata uja anapezeka. Anabwera akudzikhulupirira, foni m'manja, akuonetsa zithunzi za mazira, akuti akambawa anabadwira kwathu, si a kutchire. Mkulu wa gemu anangomufunsa funso limodzi: nanga amayi awo munawatenga kuti? Iye akuti ndinagula kwa ana m'mbali mwa msewu wa ku Salima. Nkhani inathera pomwepo, unyolo m'manja.

Ndiye inu amene mukunyadira kuti aswana, funso lomwelo likukudikirani. Kuswanitsa pakhomo sikufafaniza mlandu ngati makolo ake anatoledwa kutchire popanda chilolezo. Nyama yakutchire kuti uisunge pafunika chiphaso cha ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndipo kuitulutsa m'dziko n'chiphaso chinanso. Akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire limene Malawi analowa mu 1982. Nsato, ng'anzi ndi ng'ona zilinso pomwepo. Tiabilimankhwe ting'onoting'ono ta m'nkhalango, monga ta ku Mulanje ndi ta ku Malawi Hills ku Nsanje, anatiikamo pa msonkhano wa 2016 ku Johannesburg komweko, chifukwa azungu oweta m'magalasi ankatifuna kwambiri. Ndipo musaganize kuti mukawoloka Limpopo mwapulumuka. Ku South Africa ngakhale mwini dziko sasunga kamba wa kwawo popanda chiphaso cha boma la chigawo chake, ndiye kasitomala weniweni ayamba wafunsa pepala asanafunse mtengo. Amene safunsa pepala ndi amene amazimitsa foni inu mukagwidwa.

Kale nkhani zoterezi munthu ankalipira faindi ya nkhuku n'kumapita. Lamulo la za nyama zakutchire la 1992 analikonzanso mu 2017, ndipo pa njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimafika zaka 30. Wapolisi akakupezani ndi kamba sakuyamba ndi kuwerenga magulu a nyama, ayamba wakutsekerani. Lin Yunhua, mkulu wa ku China wozembetsa nyanga za chipembere, ndi ndalama zake zonse, khoti la kuno ku Lilongwe linamupatsa zaka 14 mu 2021. Pa bwalo la ndege la Kamuzu pali agalu onunkhiza za nyama, ndipo galu salandira ya fanta.

Malamba a chikopa cha ng'ona ndimabweretsabe, inde, ndipo palibe amene anandilandapo ngakhale limodzi. Ndimaoda kwa a mafamu ovomerezeka okha, pepala lililonse ndimapanga fotokope, lina m'chikwama, lina m'kamisolo. Phindu ndi lochepa, koma ndimagona.

Inu pitani nokha ku ofesi ya za nyama zakutchire mukanene kuti muli ndi akamba angati ndiponso kumene munawapeza. Akhoza kukuuzani za chiphaso, akhozanso kuwatenga n'kukawasiya ku Lilongwe Wildlife Centre, kumene nyama zolandidwa zimasungidwa. Kulirani pamenepo, bola kusiyana ndi kukalirira ku Maula. Mitengo imene mwalemba pa Facebook ija, a gemu nawonso ali ndi mafoni.

Basi yanga inyamuka Lachisanu. Matumba ndimasoka ndekha masiku ano, ndipo katoni yanu musabwere nayo.