Chinaphulika kumwamba usiku uja n'chiyani?

Mayi wina wa ku Chitakale wanditumizira imelo. Akuti usiku wina, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, kunangowala ngati masana. Patapita kanthawi kunamveka chiphokoso choopsa, malata n'kunjenjemera, agalu kuyamba kuuwa mudzi wonse. Ena akuti ndi Napolo, ena akuti ndege ya afiti. Iwo akufunsa kuti chinali chiyani.

Zikomo mayi. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona kuti unali mwala wochokera mumlengalenga. Miyala yotereyi ndi zibenthu za matanthwe ozungulira dzuwa, ina ndi nyenyeswa zosiyidwa ndi nyenyezi ya mchira. Timiyala ting'onoting'ono timangopsa n'kutheratu, ndiye paja timati nyenyezi yathothoka. Waukulu umabwera ndi liwiro loposa makilomita 11 pa sekondi imodzi, mpweya n'kuupanikiza mpaka kuphulikira m'mwamba momwemo.

Chandigwira mtima m'kalata yanu ndi kanthawi kaja pakati pa kuwala ndi phokoso. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho limafika mochedwa. Pa 15 February 2013, mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia. Anthu ataona kuwalako anathamangira kumawindo kukasuzumira. Mphamvu ya kuphulikako itafika inaswa magalasi, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri potemedwa ndi magalasiwo. Chonde mayi, mukadzaonanso zotere chotsani ana pawindo, mudikire phokosolo lidutse.

Si za kunja kokha ayi. Mu 1981 mwala wa makilogalamu 93 unagwa ku Machinga konkuno. Wina akatola mwala wakuda ngati wowauka, wolemera modabwitsa, akauonetse a Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala, ku Zomba.

Koma anzanu amene anatchula Napolowo musawaseke. Ife a m'munsi mwa phiri la Mulanje sitinaiwale March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri. Phokoso la mwala wa kumwamba limatsatira kuwala ndipo silichedwa kutha. Mvula ikavumba masiku angapo, kenako mukamva kulindima kosalekeza kuchokera kuphiri, musaime n'kumayang'ana kumwamba. Tengani ana, chokani m'mbali mwa mtsinje nthawi yomweyo, katundu musiyeni.